Khadi la mpingo si chiphaso cha kumwamba

Mipingo yambiri ya kuno ku Angonia, Tsangano mpaka ku Makanga, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, imapatsa Mkhristu aliyense khadi. Pamwamba pamakhala dzina ndi tsiku limene adabatizidwa, m'munsi timabokosi ta miyezi momwe mkulu wa mpingo kapena katekisiti amachonga munthu akapereka. Khadilo palokha lilibe mlandu, pakuti mpingo wosadziwa anthu ake sungawayendere. Mlandu umayamba tsiku la maliro, amithenga akafika kwa akulu a mpingo kudzanena za zovuta, funso loyamba n'kukhala lakuti, "Nanga khadi lawo lili bwanji?" Timabokosi tikapezeka topanda kanthu, kwaya siibwera, amayi a mpingo savala yunifolomu, mwambo wonse umathera pa kapemphero ka wachibale. Anthu amabalalika pamandapo ataphunzira chimene mlaliki sadachinenepo pa guwa: kuti Mulungu amalandira munthu atayamba wawerenga timabokosi.

Chiphunzitso chimenechi n'chabodza, ndipo oyamba kuchitsutsa ndi mabuku a mipingo yomweyo imene ikuchichita.

Chisokonezo chambiri chimabwera chifukwa timatchula zinthu zitatu zosiyana ndi dzina limodzi. Pali Malamulo Khumi, amene Yesu adawamanga pamodzi pa Mateyu 22:37-40 kuti ndi kukonda Mulungu ndi kukonda mnzako. Pali malamulo a Mose a nsembe, mdulidwe, zakudya ndi masiku a zikondwerero. Ayuda akawerenga malamulo onse a m'mabuku asanu a Mose amapeza 613. Ndiye pali malamulo amene mpingo umadzipangira pa sinodi, pa msonkhano wa maepiskopi kapena pa bwalo la akulu: kutalika kwa kalasi, mtundu wa duku, kuchuluka kwa mtulo, miyezi ya chilango. Achitatuwa adalembedwa ndi anthu ndipo anthu akhoza kuwasintha. Koma pitani pa bwalo la akulu mukamvetsere, mudzapeza kuti ndi amenewa amene amatetezedwa ndi ukali woposa.

Za malamulo a Mose atumwi adaweruza kale ku Yerusalemu cha m'ma 49, monga tiwerenga pa Machitidwe 15. Funso lidali lakuti kodi munthu wa mtundu wina ayenera kudulidwa kuti apulumuke. Petro adati limenelo ndi goli limene iwo eni ngakhale makolo awo adalephera kulisenza. Kalata imene adatumiza idatchula zinthu zinayi zokha zoti apewe: zoperekedwa nsembe kwa mafano, magazi, nyama yochita kupotola, ndi dama. Ife a ku Tete tili m'gulu la anthu a mitundu inawo. Choncho wodya nkhumba ndi wosadya angowerenga Aroma 14, aleke kunyozana pa msika wa Ulongwe. Abale a Sabata adzati tsiku lachisanu ndi chiwiri lili m'Malamulo Khumi, osati m'malamulo a nsembe. Mtsutso umenewo ndi wautali ndipo sitiutha lero, komabe iwonso amaphunzitsa kuti munthu amapulumuka mwa chisomo.

Paulo pa Agalatiya 2:16 akuti munthu sayesedwa wolungama ndi ntchito za lamulo koma mwa kukhulupirira Yesu Khristu. Yakobo 2:17 akuti chikhulupiriro chopanda ntchito n'chakufa. Alaliki ena amawayambanitsa awiriwa ngati kuti tiyenera kusankhapo mmodzi, chonsecho Aefeso 2:8-10 adayala kale dongosolo lake: tapulumutsidwa mwa chisomo, osati ndi ntchito, koma tidalengedwa mwa Khristu kuti tichite ntchito zabwino. Choyamba n'chiti, chotsatira n'chiti, nkhani yagona pamenepo. Pa Agalatiya 3:24 chilamulo chikutchedwa namkungwi wotifikitsa kwa Khristu. Namkungwi amalangiza namwali mosanyengerera, koma sasamukira naye kubanja kuti akamuyang'anire usana ndi usiku. Ntchito yake imaoneka pambuyo pake, m'mene mwanayo akukhalira ndi anthu. Mpingo wosandutsa lamulo khomo la chipulumutso ukubweza munthu wamkulu ku tsimba.

A mpingo wa Reformada ali ndi umboni m'manja mwawo. Katekisima wa Heidelberg wa 1563 uli ndi magawo atatu: tsoka la munthu, chiombolo, ndi kuyamika. Malamulo Khumi akufotokozedwa limodzilimodzi m'gawo lachitatu, kuyambira funso 92 mpaka 115, munthu ataomboledwa kale. Funso 114 likufunsa ngati otembenuka mtima angathe kusunga malamulowo kwathunthu, ndipo likuyankha kuti ayi, ngakhale oyera mtima kwambiri ali ndi chiyambi chochepa chabe cha kumvera kumeneku. Akatolika nawo buku lawo la malamulo a mpingo la 1983 lili ndi malamulo 1752, ndipo lomaliza lenilenilo likukumbutsa kuti chipulumutso cha mizimu ndicho lamulo loposa onse. Pa 31 Okutobala 1999 ku Augsburg, Akatolika ndi Alutherani adasainirana chikalata chovomerezana kuti Mulungu amatilandira mwa chisomo chokha, pokhulupirira ntchito ya Khristu, osati chifukwa cha kuyenera kwathu. Bungwe la mipingo ya Reformed padziko lonse lidalowa nawo mu 2017. Ndiye kuti pa pepala, zidzukulu za mishoni ya Akatolika ya Lifidzi ndi za mishoni ya a Reformada ya Mphatso zimanena chimodzi. Chotsala n'chakuti zimenezi zifike pa bwalo la akulu Loweruka masana.

Akulu amene amakhwimitsa mwambo ali ndi mfundo, ndipo si bwino kuipeputsa. Mishoni ya Mphatso idatsegulidwa mu 1909, boma la Apwitikizi n'kuitseka mu 1922. Kwa zaka zambiri Akhristu aja adakhala opanda abusa, ena n'kumawoloka malire kukabatizidwa ndi kukadya Mgonero ku Malawi. Chidawasunga ndi akulu a mpingo ndi mwambo wosagwedezeka. Lero akuluwo akuona timipingo tikuphuka m'misika, pomwe "tili pansi pa chisomo" wasanduka mwinjiro wobisamo chigololo ndi kudyera anthu masuku pamutu, ndiye akuopa kuti akangomasula pang'ono zonse zimwazika. Paulo yemweyo adafunsa pa Aroma 6 ngati tizichimwabe kuti chisomo chichuluke, nayankha kuti msatero ayi. Pa 1 Akorinto 5 adalamula kuti munthu wokhala ndi mkazi wa bambo ake achotsedwe. Chivomerezo cha Belgic cha 1561, chikalata cha chikhulupiriro cha a Reformada, chimawerengera chilango pa zizindikiro zitatu za mpingo woona. Chilango chisathe ayi. Koma chivomerezo chomwecho, pa mutu 32, chikukana malamulo opeka anthu omanga chikumbumtima, ndipo mutu umenewu suwerengedwa kawirikawiri.

Dongosolo la chilango lili pa Mateyu 18:15-17, ndipo lili ndi masitepe. Woona cholakwa apite yekha kwa wolakwayo. Akamvera, nkhani yatha, wam'bweza mbale wake. Akakana, atenge mmodzi kapena awiri. Akakanabe, auze mpingo. Akakana kumvera mpingo, apo ndiye ayesedwe wakunja. Funso 85 la Katekisima uja likutsata njira yomweyi: kuchenjeza kangapo mwaubale, kenaka kuuza mpingo, kenaka kuletsa masakramenti, ndipo likumaliza ndi kulandiranso munthuyo akalonjeza ndi kuonetsa kusintha. Taonani kuti chimene chimakweza mlandu kuchoka pa sitepe ina kupita pa ina ndi kuuma mtima, osati kukula kwa manyazi amene mpingo wamva.

Ife timayambira kumapeto. Tengani mlandu umene umadzaza mabuku a mabwalo ambiri, wa mtsikana wa kwaya amene wapezeka ndi pathupi. Amayi a mpingo amazindikira mwezi wachinayi kapena wachisanu. Aitanidwa. Akuluakulu akhala pa mabenchi, iye pansi, mayi ake pambali atazyolika. Afunsidwa kuti mwini pathupi ndani, zidachitikira kuti, kangati. Avomera zonse akulira. Mlembi alemba miyezi ya chilango, mawa lake dzina liwerengedwa mu tchalitchi. Mnyamata uja watsikira ku Moatize kukasaka ganyu, kapena ndi wa mpingo wina, kapena ndi mwana wa mmodzi mwa okhala pa benchiwo, ndiye mlandu wake "udikira umboni". Palibe amene wapatsidwa udindo womuyendera mtsikanayo. Amakhala benchi lakumbuyo masabata angapo, kenaka saonekanso.

Zolakwika pano n'zingapo ndipo chilichonse chili ndi chifukwa chake. Mtsikanayo walangidwa chifukwa tchimo lake limaoneka ndi maso, osati chifukwa ndi lalikulu kuposa la mnyamatayo. Lamulo la Mose lenilenilo, pa Levitiko 20:10 ndi Deuteronomo 22:22, limagwira onse awiri, ndipo amene adabweretsa mkazi yekha kwa Yesu pa Yohane 8 adali ataliphwanya kale. Mafunso a "kuti" ndi "kangati" sathandiza kulapa, amangodyetsa chidwi cha ofunsa. Munthu wovomera pa ulendo woyamba wamvera, ndiye pa muyeso wa Mateyu 18 sayenera kufika pa sitepe yomaliza. Kukana kubatiza khanda chifukwa cha amake kukutsutsana ndi Ezekieli 18:20, pamene akuti mwana sadzasenza mphulupulu ya kholo lake.

Ena adzati nthawi imafunika kuti zipatso za kulapa zioneke, ndiponso kuti atsikana ena atengerepo phunziro. Za nthawi ndikuvomera. Mpingo wakale udali wokhwima kuposa ife: msonkhano wa ku Nicaea wa 325 udapereka zaka 12 kwa amene adakana chikhulupiriro popanda kuumirizidwa kwenikweni. Koma msonkhano womwewo udalola episkopi kufupikitsa chilango akaona misozi ndi ntchito za munthuyo, ndipo udalamula kuti wotsala pang'ono kufa asamanidwe Mgonero. Miyezi idali yoyesera mtima, sidali ngongole yoti ithe kubwezedwa. Paulo pa 2 Akorinto 2:6-8 akuuza mpingo kuti chilango chakwana, tsopano mum'khululukire ndi kum'tonthoza kuti angamizidwe ndi chisoni. Koma zolanga mmodzi kuti ena aope, imeneyo ndi nzeru ya bwalo la milandu. Mwana wa munthu si chikwangwani.

Bwalo lofuna kuchita bwino lingayambe ndi zinthu zosalira ndalama. Mtsikana ayambe wacheza ndi amayi awiri okhwima maganizo, asanaonekere pamaso pa amuna khumi. Funso loyamba likhale la zaka zake ndi ngati adaumirizidwa. Ngati adagwiriridwa, alibe tchimo loti aulule, ndipo Deuteronomo 22:25-27 akunena zomwezo. Umenewo ndi mlandu wa kupolisi ndi kuchipatala, bwalo lisaukwirire pofuna kusunga mbiri ya mpingo. Ngati sadakwane zaka 18, akulu asayerekeze kukonza mlandu pomukankhira kubanja. Lamulo la dziko lino la 19/2019 limaletsa maukwati a ana ndipo limalanga ngakhale akuluakulu amene awakonza kapena kuwadalitsa. Boma lidachotsanso mu 2018 chilamulo cha 2003 chimene chinkasamutsira atsikana apathupi ku sukulu ya usiku, ndiye mpingo usakhale womaliza kumutsekera pakhomo. Mnyamata aitanidwe tsiku lomwelo, ndipo ngati ndi wa mpingo wina, kalata ipite kwa atsogoleri ake. Mkulu amene mlandu ukukhudza mbale wake atuluke panja. Ngati bwalo laona kuti munthu ayambe waima pa Mgonero, m'buku mulembedwe zinthu ziwiri pambali pa dzina lake: amene azimuyendera, ndi tsiku limene bwalo lidzakhalenso pa nkhani yake. Chilango chopanda ziwirizi ndi kuthamangitsa chabe. Ndipo ngati dzina lidawerengedwa poyera pochotsedwa, liwerengedwenso poyera pobwerera, mokweza chimodzimodzi.

Tibwere ku ndalama, kumene lamulo limakoma m'kamwa mwa olalikira. Malaki 3:10 amawerengedwa pafupifupi mwezi uliwonse, koma Deuteronomo 14:22-29 samveka. Pamenepo chakhumi china mwini wake ankachidya ndi banja lake pamaso pa Yehova, ndipo chaka chachitatu chilichonse chinkasungidwa m'mudzi kuti adye Alevi, alendo, ana amasiye ndi akazi amasiye. Pa Numeri 18 Alevi ankalandira chakhumi chifukwa sadapatsidwe dziko, nawonso n'kuperekapo chakhumi chawo. Wofuna kutiika pansi pa lamulo la chakhumi alitenge lonse. Akatero, mayi wamasiye wa ku Domwe ndi woyenera kulandira kuchokera m'nkhokwe ya mpingo, osati kulembedwa ngongole. Chipangano Chatsopano chili ndi muyeso wake: aliyense apatule monga wapindulira (1 Akorinto 16:2), monga watsimikiza mumtima, osati mokakamizidwa (2 Akorinto 9:7), ndipo mphatso imalandiridwa molingana ndi zimene munthu ali nazo, osati zimene alibe (2 Akorinto 8:12).

Chakhumi ngati chizolowezi n'chabwino, chimaphunzitsa dzanja kutambasuka. Chimavuta chikasanduka msonkho wowerengedwa ndi munthu wina. Tiyerekeze mlimi wa fodya wa ku Furancungo amene wagulitsa fodya wa 60,000 meticais. Kampani yadula 35,000 ya feteleza, mbewu ndi mankhwala a ngongole. Aganyu akudikira 10,000. M'manja mwatsala 15,000 yoti ifike chaka chamawa. Mlaliki wowerengera pa 60,000 akufuna 6,000, ndiye kuti magawo anayi mwa khumi a zimene munthuyo wapezadi. Wowerengera pa phindu apeza 1,500. Mlimi wa mbatatesi ku Tsangano naye ndalama amaiona pokolola, pomwe timabokosi ta pa khadi timafuna mwezi ndi mwezi, Januwale ndi Febuluwale omwe, nthawi imene m'nyumba zambiri ufa watha. Mpingo wanzeru umalola munthu kupereka pa masika, umalandira thumba la chimanga, nyemba kapena tsiku la ntchito pa munda wa mpingo, ndipo okalamba, odwala ndi amasiye umawachotsa pa mndandanda wa ongongola popanda iwo kuchita kupempha. Buku la zopereka likhale kwa osunga chuma. Lisamapezeke pa tebulo pokonza za Mgonero, ubatizo kapena maliro.

Kwa Akatolika izi zidalembedwa mosabisa. Lamulo 222 la m'buku lawo la malamulo lija likuti Akhristu ali ndi udindo wothandiza mpingo pa zosowa zake, koma silitchula gawo lakhumi. Lamulo 848 likuti osauka asamanidwe masakramenti chifukwa cha umphawi, ndipo 1181 likunena zomwezo za maliro. Lamulo 1184, limene limatchula anthu oyenera kumanidwa mwambo wa maliro, likuyamba ndi kupatula amene adaonetsa chizindikiro cha kulapa asanamwalire, ndipo pakakhala chikaiko likuti afunsidwe episkopi. Kulephera mtulo mulibemo. Tcheyamani wa mphakati woletsa maliro chifukwa cha khadi akuphwanya lamulo la mpingo wake womwe. Mipingo ina ilibe buku lotere, koma ili ndi Machitidwe 8:20, pamene Petro adakalipira Simoni wamatsenga chifukwa choganiza kuti mphatso ya Mulungu ingagulidwe ndi ndalama.

Ngakhale munthu atamwalira ali pa chilango chenicheni, ndani adali naye usiku womaliza kuti anene zimene adalankhula ndi Mulungu wake? Wachifwamba wa pa Luka 23 sadalowe kalasi. Mwambo wa maliro sukweza munthu kumwamba ndipo kuumana sikum'tsitsira kumoto. Ulaliki wa pamanda ndi wa amoyo. Banja lokanidwa silisunga mtembo m'nyumba. Limapita kwa amene avomera, kaya ndi mpingo watsopano wa pamsika kaya ndi a gule, ndipo ana a malemuyo sadzaiwala amene adabwera ndi amene adakana. Ngati bwalo likuona kuti mwambo wonse wa yunifolomu ungasokoneze anthu, lichepetse zimenezo, koma mkulu apite, Mawu awerengedwe, nyimbo ziyimbidwe.

Pa mitala m'pamene lamulo lopanda chifundo limavulaza anthu amene sadalakwe. Chiphunzitso cha mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi n'chomveka, ndipo Mkhristu wobatizidwa wotenga mkazi wachiwiri wachimwira woyambayo. Nkhani ndi ya bambo amene uthenga wam'peza ali kale ndi akazi awiri ndi ana mbali zonse. Mipingo idayankha mosiyana. Msonkhano wa maepiskopi a Anglican wa ku Lambeth mu 1988 udalola kuti munthu wotere abatizidwe pamodzi ndi akazi ake okhulupirira ndi ana, bola alonjeze kusakwatiranso wina akazi akewo ali moyo, ndiponso mpingo wa pamalopo uvomere. Lamulo 1148 la Akatolika likuti akhale ndi mmodzi, koma ndime yake yachitatu ikulamula episkopi kuonetsetsa kuti osiyidwawo asamalidwa mwachilungamo ndi mwachikondi. Ndime imeneyi ndiyo imaiwalika. Bambo amabatizidwa Lamulungu anthu akululutira, mayi wachiwiri ali kwawo ndi ana anayi opanda wowagulira makope.

Bwalo lisanauze munthu kuti asiye mkazi, liyambe lafunsa ngati ukwatiwo ndi wa chikamwini kapena wa chitengwa. Pa chikamwini mayi ali pamudzi pawo, munda ndi wa kwawo, atsibweni a ana alipo, ndiye chofunika kulemba ndi thandizo la feteleza, zovala ndi sukulu. Pa chitengwa mayiyo akachoka wataya nyumba, munda ndi nkhokwe tsiku limodzi. Pamenepo ankhoswe a mbali zonse ziwiri ndi anyakwawa akhalepo, agwirizane za nyumba ndi munda, zilembedwe, ndipo mkulu mmodzi apatsidwe ntchito yokaona chaka chilichonse pokolola ngati bamboyo akusungadi zimene adalonjeza. Akaleka kusamala anawo, umenewo ndiwo mlandu woyenera kuitanira bwalo, pa 1 Timoteo 5:8.